Njinga yochira ikaona makaniko

Patsamba lino munazolowera kuti tizikambirana za BP, matenda a shuga, katemera wa ana ndi zina za umoyo, ndipo mwezi watha tinalonjeza kuti tidzakamba za chifuwa cha nyengo yozizira. Mutikhululukire, nkhani imeneyo taisunthira mwezi wa mawa. Pamsonkhano wapitawu, titatha kudya, anyamata awiri ankadandaulirana panja za njinga zawo zamoto, kuti zimatsamwa panjira koma zikafika kwa makaniko zimalira bwinobwino ngati zatsopano. Tinaima n'kumvetsera, chifukwa vuto lomwelo linatisowetsa tulo pakhomo pathu mu February 2025. Tinawalonjeza kuti tilemba zimene tinaphunzirapo.

Wina afunsa kuti namwino ndi injini zikugwirizana pati. Mudzabwere Lachisanu usiku kuchipinda cholandirira anthu ovulala mudzaone. Chiyambire 2020, pamene Covid inatitsekera m'nyumba anthu n'kuzolowera kuitanitsa chakudya pafoni, njinga zonyamula bokosi kumbuyo zadzaza mu Johannesburg muno, za Uber Eats, Mr D, Checkers Sixty60 ndi zina. Ambiri okwerapo ndi ana athu, pamodzi ndi anzawo ochokera ku Zimbabwe, Congo ndi maiko ena. Akabwera nawo pamachira mwendo utathyoka, timafunsa chimene chachitika. Ambiri amati teksi inawadula kutsogolo. Koma alipo ena amene amayankha chapansipansi kuti, "Sisita, njinga inangozima pakati pa msewu." Tikafunsa ngati inayamba tsiku lomwelo, amapukusa mutu. Yakhala ikutero kwa milungu ingapo.

Kwathu zinayamba chonchi. Timakhala ndi mwana wa achimwene athu, mnyamata wa zaka 24, amene masana amakhala kukoleji, madzulo n'kumaperekera chakudya. Njinga yake ndi ya 150cc, ya pisitoni imodzi ndi kabuleta, yogula kwa munthu wina. Ndiyo imalipira fizi, ndiyonso imatumiza kangachepe kwa amayi ake ku Ntcheu. Inayamba kudukiza ili paliwiro, chimene amakaniko amati kumisa. Imagwedezeka ngati wina waikoka kumbuyo, nthawi zina n'kuombetsa ekizozi kuti phuu, kenako n'kupitiriza ulendo ngati palibe chachitika. Tsiku lina imatero kanayi, mawa lake osatero n'kamodzi komwe.

Anapita nayo kwa makaniko woyamba, amene anailiza, kuimvetsera n'kusintha pulagi. R60. Patapita masiku awiri inayambiranso. Wachiwiri anatsuka kabuleta, R250. Wachitatu anati ndi CDI, kabokosi kamene kamalamula nthawi yoyatsira moto papulagi, R450. Atabwererako kukadandaula, anamugulitsanso koilo, R300. Sitikunena kuti anthuwa ndi akuba. Munthu ukam'bweretsera njinga imene ikulira bwino pamaso pake, iwe n'kumuumiriza kuti akonze lero lomwe, amalosera, ndipo amayambira pa chitsulo chimene ali nacho pashelefu. Ndalama zonsezi zinkachokera m'chikwama chathu, ngati ngongole.

Chimene chinatidzutsa ndi cha usiku wina. Anafika cha m'ma 9 koloko akunjenjemera, msuzi utatayikira m'bokosi monse. Ankakhota kumanja pa Louis Botha Avenue. Mukudziwa kuti kuno, monga kwathu, timayenda kumanzere, kotero wokhota kumanja amadutsa kutsogolo kwa galimoto zobwera. Anaona mpata, n'kulowa, injini n'kuzima ali pakati penipeni. Dalaivala wa bakkie anaponda mabuleki n'kuima pafupi kwambiri moti mnyamatayo anagwira boneti ndi dzanja.

"Azakhali, njinga imeneyi anailodza," anatero.

"Imachita liti?" tinamufunsa.

"Nthawi ina iliyonse."

Yankho limeneli timalimva tsiku ndi tsiku kuntchito. Mayi amabwera kuti mtima umathamanga mpaka kuchita chizungulire. Timamugoneka, kumuyeza ECG, zonse zili bwino, chifukwa mtimawo wakhazikika pa nthawi imene tikuyeza. Sitimupatsa mankhwala a mtima mongolota, komanso sitimuuza kuti akunama. Timamuveka kamakina kotchedwa Holter, dzina la Norman Holter wa ku America amene anakapanga, kamene kamalemba kugunda kwa mtima kwa maola 24 kapena 48 iye ali kunyumba, ndipo timamupatsa pepala kuti azilemba nthawi imene wamva vutolo ndi chimene amachita. Kusukulu ya unamwino anatiphunzitsa kuti matenda obwera n'kupita amagwidwa ndi mbiri yake. Ndipo anthu amene amati "nthawi ina iliyonse", ukawapatsa pepala, nthawi zambiri umapeza kuti vuto lawo lili ndi nthawi yake, kungoti palibe anali atawerengapo.

Choncho tinatenga rula n'kujambula tchati chonga cha kuwodi. Nthawi iliyonse njinga ikadukiza aime pambali alembe: ola, mphindi zimene zadutsa chiilizireni, petulo ali pati m'thanki, kunja kukugwa mvula kapena ayi, msewu ndi wosalala kapena wamaenje, amakhota kapena amapita molunjika, amawonjezera moto kapena amachepetsa, ndiponso ngati magetsi a njingayo anaphethira. Tinamuletsanso kugwira nayo ntchito. Apa panali mkangano, sitibisa. Anachita kubwereka njinga ya mnzake pa R600 pa sabata, ndipo yodwalayo ankangoyenda nayo m'mawa m'timisewu ta phee ta kwathu kuno, kwa theka la ola kapena kuposerapo. Amene angakwanitse achite chimodzimodzi. Amene sangakwanitse, apewe misewu ikuluikulu ndipo asalowe mpata wothina podalira injini imene akuikayikira.

Tchaticho chikudzaza, abambo a kunyumba anatiperekeza kwa madala ena a ku Angonia amene amakonza njinga zamoto kuseri kwa nyumba ku Rosettenville. Chichewa chawo n'cha kwathu chenicheni. Sanafunse kuti njinga ili kuti. Anatikhazika pakreti n'kutiphunzitsa, ndipo zambiri zimene zikutsatirazi tinazimva kwa iwo, zina tinatsimikiza m'buku la njingayo.

Injini imafuna zinthu zitatu pa nthawi imodzi: petulo wosakanizika bwino ndi mpweya, moto wa papulagi, ndi mphamvu yopanikiza ya pisitoni, imene iwo amati kompuresheni. Injini ya mtundu umenewu ikamazungulira maulendo 6,000 pa mphindi, petulo amayenera kuyaka maulendo 3,000, kutanthauza 50 pa sekondi iliyonse. Galimoto ya mapisitoni anayi imodzi ikaphonya, atatu enawo amakoka. Njinga ya pisitoni imodzi ilibe wothandiza, n'chifukwa chake kuphonya pang'ono kumamveka thupi lonse. Za kompuresheni madalawo anazidutsa mwachangu. Anati pisitoni yotha siichira Lachiwiri n'kudwalanso Lachinayi. Chokhacho choyenera kukumbukira ndi mavalavu othina, amene amapangitsa njinga kuzima ikatentha n'kuvuta kuliza. Mpata wake umayezedwa injini itazizira, ndipo pa tinjinga totere umakhala wochepa kwambiri, cha m'ma 0.05 mpaka 0.10 mm, malinga ndi buku. Choncho mlandu umatsala pakati pa petulo ndi magetsi.

Awiriwa amasiyana kafedwe. Njinga yosowa petulo imafooka pang'onopang'ono, ukawonjezera moto imalira mokakamizika, kenako n'kufa. Ya vuto la magetsi imaduka mwadzidzidzi ngati wina wadina switchi, ndipo moto ukabwerera kawirikawiri imaombetsa ekizozi, chifukwa petulo amene sanapse uja wakayakira m'paipi. Palinso kayeso kosalira ndalama. Ikayamba kufooka, kokani choke. Ikachita bwino, ndiye kuti ikuperewera petulo kapena ikuyamwa mpweya pamalo olakwika, monga pa labala wong'ambika wa pakati pa kabuleta ndi injini. Ikapanda kusintha kapena ikaipiraipira, yang'anani kwina.

Kumbali ya petulo kuli timavuto tiwiri timene timapusitsa anthu ambiri. Koyamba ndi kabowo kopumira ka pachitsekero cha thanki. Petulo akamatsika, mpweya umayenera kulowa m'malo mwake. Kabowoko kakatsekeka ndi fumbi kapena dzimbiri, petulo amasiya kutsika, monga mmene madzi amakanira kutuluka m'kapaipi mukatseka kumwamba ndi chala. Njinga imayenda bwino kwa mphindi 10 kapena 20, kenako n'kufooka. Mukaima n'kutsegula thanki n'kumva kuti fyuu, njinga n'kuyendanso bwino, mwalipeza. Kachiwiri ndi madzi. Madzi amalemera kuposa petulo, motero amakhala pansi pa thanki ndi pansi pa kambale ka kabuleta, n'kumakokedwa apo ndi apo njinga ikagwedezeka kapena mukatembenuzira kampopi ku rizevu, amene amakoka petulo wa pansi penipeni. Pansi pa kambaleko pali sikuluwu yotulutsira. Masulani, petulo agwere m'botolo loonekera, mudikire pang'ono. Ngati muli madzi, adzakhala pansi, ndipo mzere wake umaoneka bwino.

Tinawafunsa za kukwera kwa malo, poti tinamva kuti njinga zogulidwa ku Durban zimavuta kuno. Anavomera. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mpweya wake ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu poyerekeza ndi wa kugombe la nyanja. Kabuleta yotcheredwa kugombe imapereka petulo wochuluka kuno, pulagi n'kuda ndi mwaye. Koma amenewo ndi matenda okhazikika, a tsiku lililonse. Pulagi yabwino kunsonga kwake imaoneka yofiirira pang'ono. Yakuda youma ndiye petulo wachuluka, yoyera mbuu ndiye petulo wachepa ndipo injini ikutentha, yakuda yonyowa ndiye oyilo akulowa. Mpata wake pa njinga zambiri zazing'ono ndi 0.6 mpaka 0.8 mm. Kuona pulagi n'ngati kuona lilime la wodwala: kumakuuza zina, koma osati zonse.

Pamagetsi ndi pamene madalawo anachedwapo, ndipo nafenso tichedwepo. Anati magetsi amadwala ndi zinthu zitatu, kutentha, chinyezi ndi kugwedezeka, ndipo chilichonse chili ndi nthawi yake. Koilo, ngakhalenso kakoilo kakang'ono ka m'kati mwa injini kamene kamauza CDI kuti pisitoni yafika, zili ndi kawaya kopyapyala ngati tsitsi kokulungidwa maulendo ambirimbiri. Kawayako kakaduka pena pake, nsonga zake zimakhudzanabe kukazizira. Injini ikatentha zitsulo zimafutukuka, nsongazo n'kutalikirana, moto n'kusowa. Mukadikira theka la ola, njinga n'kulira. N'chifukwa chake kuyeza koilo m'mawa kugalaja sikuthandiza. Iyenera kuyezedwa pomwepo yazima, ikadali yotentha. Mnyamata aliyense ayende ndi pulagi yapadera ndi sipanala yake, kuti ikazima aone ngati moto ukuthetheka. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuti tha, tha. Wofiira wofooka ndi wokayikitsa.

Chinyezi chimavutitsa m'mawa kapena mvula ikagwa, n'kutha injini ikauma. Kugwedezeka ndiko kwa mawaya omasuka: mitu ya batire, waya wa earth womangidwa pa felemu, switchi ya kiyi, switchi yozimitsira ya pamahandulo, ndi switchi ya pa sitandi yam'mbali ngati njinga yanu ili nayo. Amene ali ndi mita yoyezera magetsi ayezenso batire. Itapuma iyenera kuonetsa pafupifupi 12.6 volts, ndipo injini ikamalira mokweza ifike pakati pa 13.5 ndi 14.5.

Patatha masiku 9 tinayala tchati patebulo. Njinga inali itadukiza maulendo 14. Tinayamba ndi mzere wa kutentha, poti tonse tinkaganizira kumeneko. Panalibe dongosolo: ina inachitika patangotha mphindi 2, ina patatha mphindi 40. Petulo naye analibe mlandu, thanki yodzaza kapena ya theka zinali chimodzimodzi. Koma titafika pa mzere wa msewu, tinangoyang'anana. Maulendo 11 mwa 14 anali pokhota kumanja kapena podumpha hampu ndi maenje. Pokhota kumanzere panalibe n'limodzi lomwe. Ndipo m'mphepete mwa pepala mnyamatayo anali atalembamo chinthu chimene sitinamufunse, kuti foni yake, imene imakhala pamahandulo ikutchaja, inkalira kuti tii ngati wina waizula n'kuilumikizanso.

Loweruka tinakankhira njinga kwa madala aja. Anawerenga pepalalo magalasi ali pamphuno, n'kuseka. "Mayi, mukanakhala mwamuna ndikanakulembani ntchito." Tinawayankha kuti ntchito tili nayo kale, ndipo kumeneko safunsa zimenezo. Anaimika njinga pa sitandi yapakati, kuiliza, n'kutembenuza mahandulo kumanzere mpaka kumapeto. Inkalira bwinobwino. Atatembenuzira kumanja, inatsamwa. Anabwereza katatu, ulendo wachitatu inazimiratu. Kenako anawongola mahandulo, kuilizanso, n'kuyamba kugwedeza mtolo wa mawaya ndi zala, pang'onopang'ono, kuchokera pa kiyi kutsika m'khosi mwa njinga. Atafika pamalo ena okulungidwa ndi tepi yakuda, injini inaduka.

Atamatula tepiyo tinaona tokha. Mwini wake wakale, kapena amene anamutuma, pofuna kuika tchaja ya foni anasenda waya wochokera pa kiyi, n'kupotokolerapo waya wa tchaja ndi zala, n'kukulunga tepi. Panalibe fyuzi. Malowo ndi pomwe mawaya amapindika nthawi iliyonse mahandulo akatembenuka. Timawaya ta kopa ta m'kati tinali titaduka kamodzikamodzi, totsala titatu kapena tinayi, tobiriwira ndi dzimbiri. Pa njinga imeneyi CDI imalandira magetsi a batire kudzera pa waya womwewo. Mahandulo akapita kumanja wayayo ankakokeka, CDI n'kukhala yopanda magetsi kwa kanthawi, foni nayonso chimodzimodzi. Madalawo anadula podwalapo, kulumikiza waya watsopano wotalikirapo, kuwotcherera ndi mtovu, kuvekapo kapaipi ka pulasitiki kofota ndi moto, n'kusamutsira tchaja pamalo ena ndi fyuzi yake. Ntchito yonse sinakwane ola. Anatilipiritsa R150.

Tikupempha aliyense woperekera katundu aganizire zimenezi, chifukwa palibe njinga ya ntchito imeneyi yopanda tchaja, ndipo zambiri zili ndi alamu, tracker kapena magetsi owonjezera. Chilichonse mwa izi wina anachita kudula waya kuti achiike. Njinga ikayamba kudukiza, funso loyamba likhale loti ndi chiyani chinaikidwa kapena kukonzedwa posachedwa, monga mmene ife timafunsira wodwala wa zidzolo ngati wayamba mankhwala kapena sopo watsopano.

Mnyamatayo ankafuna kung'amba tchati tsiku lomwelo. Tinamuletsa, chifukwa panatsala maulendo 3 amene sankagwirizana ndi nkhani ya waya. Onse anali a m'mawa, usiku wake kutagwa mvula, pamsewu wolunjika, pamene ankawonjezera moto, ndipo foni sinalire. Patadutsa mphindi 10 vutolo linkatha. Kuchipatala tinaphunzira movutikira kuti kupeza matenda amodzi sikutanthauza kuti wodwala alibe ena. Munthu wa TB akhozanso kukhala ndi shuga. Ndipo zoonadi, Lachitatu lotsatira kunagwa chimvula chamabingu, m'mawa mwake njinga n'kutsamwa kawiri. Anabwera atakwiya kuti madala aja nawonso ndi chimodzimodzi.

Usiku womwewo abambo a kunyumba anatulutsa njinga pabwalo, tinazimitsa magetsi onse, n'kuiliza. Tinatenga botolo lopopera madzi positira zovala n'kupopera pang'ono pa waya wonenepa wochokera ku koilo ndi pa kapu ya pulagi. Mumdimamo tinaona timoto tabuluu tikudumpha kuchokera m'mbali mwa kapu kupita pa chitsulo cha injini, injini n'kumatsamwa nthawi yomweyo. Kapuyo inali ndi mng'alu wosaoneka masana. Magetsi opita ku pulagi amaposa 10,000 volts, ndipo amasankha njira yapafupi. Pakakhala chinyezi pa mng'alu, amadutsa pamenepo m'malo mokadumpha kunsonga kwa pulagi, makamaka pamene mukuwonjezera moto, poti ndi pamene kudumphako kumavuta kwambiri. Amene anasintha koilo anabwezerapo kapu yakale. Yatsopano tinagula R45. Imalowa pa waya mopotokola ngati sikuluwu, ndipo ndi bwino kudulako kansonga ka wayayo kuti ilume pa kopa watsopano. Makapu ambiri ali ndi resistor ya 5,000 ohms m'kati, motero pogula tengani yakaleyo mukafanizire.

Tsopano tivale yunifomu yathu pang'ono. Tikudziwa kuti chifukwa cha akuba ambiri mumagona ndi njinga m'chipinda kapena m'kagalaja kotseka. Musailize m'menemo, ngakhale kwa mphindi zochepa zoyeserera. Utsi wa injini uli ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula mu June ndi July. Ulibe fungo. Umayamba ndi mutu, chizungulire ndi nseru, kenako tulo. Potulutsa petulo m'kabuleta, chitirani panja, kutali ndi chitofu cha palafini, hita ndi fodya, ndipo botololo musalisiye pamene ana angafike, makamaka ngati ndi la zakumwa. Musayamwe petulo ndi pakamwa popopa. Kadontho kolowa m'mapapo kamayambitsa chibayo choopsa. Wina akameza petulo musamusanzitse, chifukwa posanzapo ndi pamene amalowera m'mapapo. Thamangani naye kuchipatala, kapena imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177.

Poyesa moto wa pulagi, chitsulo chake chikhudze injini, kutali ndi bowo la pulagi pamene pamatuluka nthunzi ya petulo, ndipo musaigwire ndi dzanja. Amene anaikidwa kamakina kothandiza mtima kugunda asayandikire n'komwe. Mukapsa ndi ekizozi, zimene zimachitika kwambiri poyeza njinga yotentha, thirani madzi a pampopi kwa mphindi 20. Mankhwala otsukira mano, dzira, oyilo wa injini, zonsezi timachita kuzipala pabala mukafika kwathu, ndipo zimapweteka kuposa kupsako.

Za amakaniko tinene izi. Mukapita, musanene kuti "ikumisa" basi. Nenani kuti imaduka mwadzidzidzi pokhota kumanja, kapena kuti imafooka pakatha mphindi 15 n'kuchira ikapuma. Pemphani kuti asinthe chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, chifukwa akasintha zitatu njinga n'kuchira simudzadziwa chimene chinali chodwala, ndipo mwalipira zonse. Muyambire pa zotchipa: kumanga mitu ya batire, kutsegula thanki, kutulutsa petulo wa m'kambale, kugwedeza mawaya. Ndipo zitsulo zakale muzitenga. Ndi zanu. Ife tinali ndi mwayi kuti mnyamatayo anasunga CDI ndi koilo zakale m'bokosi la nsapato. Madala aja ataziyesa anapeza kuti zonse ndi zamoyo. Zili m'kabati mpaka lero, ndipo amene angazifune pa njinga yofanana atiuze, tidzagwirizana.

Kwa makolo ndi azakhali anzathu amene mukusunga anyamatawa: akamapempha ndalama ya chitsulo chachiwiri pa vuto lomwelo, musangopereka, komanso musangokana. Khalani naye pansi mumufunse kuti imachita liti. Simukusowa kudziwa injini. Ife sitinkadziwa kusiyana kwa koilo ndi kabuleta. Ana athuwa amabisa mavuto a njinga poopa kuti tiwaletsa ntchito, ndiponso chifukwa tsiku lililonse losayenda ndi ndalama yotayika, pomwe lendi ndi fizi sizidikira. Wathuyu anaulula pambuyo pake kuti usiku wa pa Louis Botha uja unali ulendo wachitatu njinga kumuzimira pamphambano.

Chichotsereni kapu ija njingayo sinadukizenso, ndipo yadutsa nyengo ina yonse ya mvula. Pa ngongole ya R1,060 wabweza R700, yotsalayo akuti ikubwera. Anyamata awiri a pamsonkhano aja, ndi ena onse ofuna, tidzabweretsa mapepala a tchati 20 pamsonkhano wa mwezi uno. Mudzatipeza patebulo loyezera BP, ndipo wotenga pepala adzayamba wapinda kaye mkono wa malaya.